Otsatsa malonda akamakusowetsani mtendere pa foni ku America

Inu amene mwangofika kumene ku America, foni nkuyamba kulira usana wonse ndi anthu ofuna kukugulitsani inshuwalansi, dziwani kuti lamulo lilipo. Limatchedwa TCPA (Telephone Consumer Protection Act, lamulo loteteza anthu ogwiritsa ntchito mafoni), linakhazikitsidwa mu 1991, ndipo limatchinjiriza foni ya m'manja kuposa ya m'nyumba.

Pa foni ya m'manja, munthu saloledwa kukuimbirani ndi mawu ojambuliratu musanavomereze, kaya akhale wandale kaya wa bungwe lachifundo. Ngati ndi malonda, chilolezocho chiyenera kukhala cholemba. Pa foni ya m'nyumba mpanda wake ndi waufupi. Amalonda amafunikabe chilolezo cholemba, koma andale ndi mabungwe achifundo angathe kukuimbirani ndi mawu ojambulawo osakufunsani. Nthawi ya chisankho mudzaona nokha.

Lembetsani nambala zonse ziwiri ku Do Not Call Registry, mndandanda wa boma wa nambala zimene amalonda saloledwa kuziimbira. Ndi ulere, ndipo mukalembetsa kamodzi basi. Imbani 1-888-382-1222 pogwiritsa ntchito foni imene mukufuna kulembetsayo, kenaka dikirani masiku 31 kuti amalonda asiye. Kampani imene munagulako kanthu m'miyezi 18 yapitayi ingathe kuimbabe, pokhapokha mutaiuza nokha kuti ileke.

Pamene ambiri timagwa m'mbuna ndi pa intaneti. Kabokosi kaja timachonga mothamanga pofunsa mtengo wa galimoto kamawerengedwa ngati chilolezo cholemba, choncho werengani timawu tating'ono tapansi paja. Amalonda akaswa lamulo, lembani tsiku, nthawi ndi nambala, chifukwa kukhoti foni iliyonse ingathe kuwalipiritsa madola 500.