Mmene mungasungire nkhope za anthu m'mutu, makamaka inu azibambo

Zimatichitikira ife azibambo, wapita ku chinkhoswe akuonetsa alamu ako asanu, mawa lake ukumana ndi mmodzi pa depoti n'kumudutsa ngati mtengo, madzulo mayi akunyumba akufunsa "achemwali anga aja mwawanyozeranji?"

Si mwano ayi. Mu 2013 Agneta Herlitz ndi Johanna Lovén a ku Sweden anaphatikiza kafukufuku wambiri n'kupeza kuti azimayi amakumbukira nkhope kuposa ife, makamaka nkhope za azimayi anzawo. Chaka chomwecho Jennifer Heisz wa ku McMaster University ku Canada anaona kuti maso a mzimayi amayendayenda kwambiri pankhope yachilendo, pomwe athu azibambo amangoyenda pang'ono basi tathana nazo.

Ndiye tiwabere nzeruyi. Popereka moni musathamangire kukhala pansi, yendetsani maso, yambani ndi maso ake ndi nsidze, tsikirani pamphuno, pakamwa, chibwano, koma mwaulemu, musachite kumutong'olera maso mpongozi wanu. Tsitsi ndi zovala zisiyeni, lero ali ndi wigi mawa wamanga duku, ndipo pa chinkhoswe onse avala chitenje chimodzi, mudalira chani pamenepo? Gwirani chomwe sichisintha, kampata ka m'mano, chipsera, kadontho pa tsaya. Dzina lake litchuleni pompo mukumuyang'ana, "zikomo alamu a Nabanda", kenako pakapita mphindi zingapo mufufuzeni m'gulumo muone ngati mumupeze.

Apabanja muli ndi kenanso. Johan Karremans ndi anzake ku Netherlands mu 2011 anapeza kuti amene ali pachibwenzi akaona munthu wokongola, pomukumbukira amamuchepetsa kukongolako kusiyana ndi omwe ali single, ngati mutu ukutchinjiriza chibwenzicho wokha. Ndiye zoti "anali wooneka bwino uja" musazidalire, mutu wanu wasintha kale chithunzicho, bwererani ku kampata ka m'mano kaja.

Koma ngati olo mkazi wanu weniweni mumamuzindikira ndi mawu kapena kayendedwe kokha, imeneyo ndi nkhani ina, amati prosopagnosia ndipo anthu pafupifupi 2 pa 100 ali nayo. Pamenepo auzeni akwanu poyera, mukamalowa pagulu azikunong'onezani kuti uyu ndi ndani.