Momwe Mungakhazikitsire Kalabu ya Atsikana Pasukulu

Musanaitane msonkhano woyamba, tsegulani kaundula wa ophunzira kuti muone atsikana amene amajomba, masiku amene amajombawo, komanso kalasi imene ambiri amasiyira sukulu. Mtsikana amene amasowa masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse kawirikawiri amakhala kuti ali kumwezi, ndipo pasukulupo palibe madzi kapena chimbudzi chokhala ndi chitseko choti angasinthiremo. Wina amafika phunziro loyamba litatha chifukwa amayamba wamaliza ntchito zapakhomo, pamene alongo ake amakhala atanyamuka kale. Kalabu iyambire pa zinthu zimenezi.

Mukalandira chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, lolani atsikanawo asankhe okha mlangizi wawo, makamaka mphunzitsi wamkazi wodziwa kusunga chinsinsi. Apa m'pamene makalabu ambiri amafera, chifukwa mlangizi amasandutsa msonkhano kukhala phunziro lina, iye n'kumalankhula ola lathunthu atsikana atangogwira kuchibwano. Wapampando ndi mlembi akhale ophunzira, ndipo misonkhano izichitika kamodzi pasabata n'kutha msanga, kuti okhala kutali asayende kutada.

Njira ya Tuseme (mawu a Chiswahili otanthauza kuti "tilankhule"), imene inayambira pa University of Dar es Salaam ku Tanzania mu 1996 ndipo bungwe lolimbikitsa maphunziro a atsikana la FAWE linaifalitsa m'maiko ambiri a mu Africa, ndi yoyenera kutengerapo phunziro. Atsikana amatchula vuto lawo, amafufuza gwero lake, amalipekera sewero, kenako amalionetsa pamaso pa makolo, aphunzitsi ndi anyamata. Sewero likatha musalole anthu abalalike atangoomba m'manja. Agwirizane chochita, wochichita ndi tsiku lochitira, ndipo mlembi alembe zonsezo kuti adzazikumbutse pamsonkhano wotsatira. Tsiku la 11 October, limene bungwe la United Nations linaika mu 2011 kuti likhale lokumbukira mwana wamkazi, ndi nthawi yabwino yoitanira makolo.

Nkhani ya kugwiriridwa kapena ya mphunzitsi wofunsira ophunzira isakambidwe pagulu ndipo isalowe m'sewero. Mlangizi aimvere pambali, osatchula dzina la mwanayo kwa anzake, ndipo aipititse tsiku lomwelo kwa akuluakulu oona za chitetezo cha ana.

Amene anasiya sukulu chifukwa cha pathupi kapena ukwati muwayendere pamodzi ndi mlangizi. Akabwerera, mamembala awiri azikhala nawo pafupi m'kalasi ndi kuwabwereka makope kuti akopere zimene zinawadutsa.