Momwe mungalembere nkhani yaifupi yophiphiritsa ndi khungu ndi kupenya

Mlembi amene akufuna kuonetsa kusintha kwa munthu m'nkhani yaifupi angathe kugwiritsa ntchito khungu ndi kupenya ngati chizindikiro, koma achite mosamala, chifukwa osaona ndi abale athu amene tikukhala nawo kuno ku Nkhotakota.

Choyamba, sankhani mpangankhani amene adzasinthe, ndipo ndikulangizani kuti akhale wa maso abwinobwino, koma wokana kuona chinthu chimodzi chimene chili pamphuno pake. Tiyerekeze mnyamata wa ku Chia amene amatsogolera agogo ake odwala ng'ala. Iye amawayesa mtolo, ndipo amachita manyazi anzake akamuona atagwira nsonga ya ndodo ya agogowo pamene anzakewo akutsikira kudooko kukakoka chilimira.

Chachiwiri, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo, agogowo akhale munthu weniweni. Dziwani chimene chinawononga maso awo. Ng'ala imabwera pang'onopang'ono, munthu amayamba kuona ngati kuli chifunga, ndipo nthawi zambiri opaleshoni imathandiza. Ngati mwasankha trachoma, kumbukirani kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza m'chaka cha 2022 kuti nthendayi siilinso vuto lalikulu m'Malawi, choncho nkhani yanu ingakhale bwino itachitika zaka zam'mbuyo. Agogowo aonetseni akusoka ukonde, zala zikupapasa mfundo iliyonse mpaka zitapeza pamene pang'ambika, ndiponso akuzindikira mdzukulu wawo ndi kayendedwe kake pamchenga. Aloleni akwiye, aseke, alakwitse. Musawasandutse mneneri wodziwa zonse, komanso musalembe ngati kuti khungu lawo ndi chilango cha tchimo, pakuti zonse ziwirizi zimawalanda umunthu.

Chachitatu, kusinthako kubwere m'magawo. M'Baibulo, pa Marko 8, wosaona wa ku Betsaida sanapenye bwino nthawi yomweyo. Poyamba anaona anthu ngati mitengo yoyenda, ndipo anapenyetsetsa Yesu atamukhudza kachiwiri. Mpangankhani wanu ayende chimodzimodzi. Usiku wina mwera uwombe ali panyanja, nyale izime, ndipo apeze gombe pomvetsera mafunde monga agogo anamuphunzitsira. M'mawa mwake awathokoze, koma pamaso pa anzake achitebe manyazi. Gawo lapakatili ndilo limachititsa owerenga kukhulupirira kuti munthuyo akusinthadi.

Chachinayi, pampondachimera, pamene nkhani yafika pachimake, musafotokoze tanthauzo la chizindikiro. Ngati mwalemba kuti maso a mumtima mwake anatseguka, fufutani chiganizocho, ndipo m'malo mwake muonetse mnyamatayo pamsika wa paboma atasiya kuwakoka ndi ndodo, akuyenda nawo limodzi iwo atagwira chigongono chake, ndipo anzake atamuitana ayankhe mosabisala kuti ali ndi agogo. Mukafuna kuti agogowo apenyenso, zitheke chifukwa cha chithandizo cha kuchipatala, osati ngati mphotho ya khalidwe la mdzukulu.

Pomaliza, musanatumize nkhaniyo kunyuzipepala kapena kumpikisano, iwerengereni mokweza munthu wosaona amene wavomera kukuthandizani, ndipo mumufunse malo amene mwanama pa za moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Zimene akuuzeni zilembeni, ndipo mukonze ndime zimenezo musanayambe kukonza china chilichonse.