Mahedifoni otseka phokoso: werengani musanagule ndiponso musanapatse thiransipota

Abale anga muli ku Joni kuno, makamaka inu a kwathu ku Kasungu, ndikutsineni khutu pa za mahedifoni akuluakulu aja ophimba khutu lonse, opanda waya, otseka phokoso. Ambiri mwayamba kuwagula, ena mukutumiza kumudzi. Ine anandipweteketsa mtima chaka chatha, ndipo mpaka lero ndikakumbukira chakudya sichitsika.

Ubwino wake ulipo, sindikana. Ndimagwira ntchito usiku, masana n'kumagona m'chipinda cha anthu atatu, m'mphepete mwa msewu wa mataxi. Mahedifoniwa ali ndi timaikolofoni tomwe timamva phokoso la panja, kenaka amatulutsa mawu otsutsana nalo kuti lifike m'khutu litachepa mphamvu. Amagwira bwino pa phokoso losasinthasintha, monga injini ya basi, jenereta kapena ndege. Ulendo wa kumudzi, kuchoka ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Dedza, ndinafika mutu usakuwawa ngati kale. Koma musanamizidwe. Mwana akalira mumumva, anzanu akamakangana za mpira muwamva, ndipo kugona chammbali mutavala n'kosatheka, mumangogona chagada basi.

Tsono mng'ono wanga anali Fomu 4, ndipo nyumba yathu pa Santhe inayandikana ndi chigayo cha dizilo chomwe chimalira kuyambira m'mawa mpaka mdima. Ndinati mwanayu awerenge mwamtendere. Ndinasunga ndalama miyezi itatu n'kumugulira Sony WH-1000XM4 m'sitolo yeniyeni, ngati anga omwe. Wokatula anali thiransipota wa kwathu komwe, munthu woti tinkapemphera limodzi, woti pa maliro a anzathu kuno amakhala patsogolo kusonkhetsa chipepeso. Ndinkamutchula kuti achimwene.

Tsiku lopakira katundu anandiuza kuti, “Achimwene, achotseni m'bokosimo. A kasitomu akaona kuti ndi atsopano atidula khosi pa boda.” Ndinamvera. Bokosi ndinataya pomwepo, mahedifoni ndinakulunga m'juzi n'kumupatsa pamanja. Sitinalemberane kanthu, sindinajambule kanthu. Anati masiku anayi afika. Panatha masabata awiri. Mayi anakwera kawiri kupita pa boma ku Kasungu, pa ndalama yawo ya mtedza, n'kubwerera chimanjamanja, uku foni ya mkuluyu ikungoitana.

Katundu atafika, mng'ono wanga anathokoza, kenaka zii. Mwezi wathunthu sananene kanthu, kuopa kuti ndimuyesa wosayamika. Ndinadzazindikira ndekha tikuyankhulana pa WhatsApp, nditamuuza kuti awavale ndione. Dzina la Sony linalipo ndithu, koma pulasitiki yake yonyezimira ngati chidole cha pa msika. Ndinamufunsa kuti batire limakhala nthawi yaitali bwanji. Anati, “Achimwene, mwina maola atatu.” Enieniwo amakhala maola mpaka 30. Akadina batani lotsekera phokoso, chigayo chinkamveka chimodzimodzi. Munthu uja anasintha katundu m'njira, mwana n'kumupatsa feki.

Nditamupeza sanachite n'komwe manyazi. Anangoti, “Umboni wanu uli kuti?” Risiti ndinali nayo, koma inangosonyeza kuti ndinagula, osati kuti ndinamupatsa iyeyo. Nambala ya katunduyo inapita ndi bokosi lija. Akuluakulu a kwathu omwe ndinakawadandaulira anati tisachititsane manyazi kuchilendo, nkhani ithe. Ithe bwanji, thukuta la miyezi itatu? Ndipo anthu amenewa amadziwa kuti ambiri a ife mapepala sali bwino, ku polisi sitiyerekeza kupondako. N'chifukwa chake amatidyera masuku pamutu chonchi.

Ndiye imvani, ndipo musandiuze kuti wanuyo ndi wokhulupirika, chifukwa wanganso ndinkatero. Musanapereke, jambulani nambala ya pa bokosi. Jambulani vidiyo mukumupatsa, nkhope yake ikuoneka, iye akutchula ndi pakamwa pake chomwe walandira. Akakana kujambulidwa, nyamulani katundu wanu muzipita. Bokosi lisachotsedwe. Nkhani ya msonkho wa MRA mugwirizane musanapakire, ndipo kulipira msonkho n'kwabwino kusiyana ndi kutaya katundu yense. Wolandira kumudzi mumuuziretu kuti ayese pamaso pa wobweretsayo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Makampani ngati Sony, Bose, JBL ndi Soundcore ali ndi app yawo ya pa foni. Lumikizani pa Bluetooth, tsekulani app, muone ngati ikuwazindikira. Feki nthawi zambiri saonekamo. Chitani zomwezi pogula. Zogula pa msewu, pa Facebook, kapena kwa mnyamata wa pa gulu la WhatsApp amene akuti “orijino, mtengo wa abale”, zisiyeni. Ngati ndalama ndi yochepa, gulani a mtengo wotsika koma enieni m'sitolo yopereka risiti. Lamulo la ku South Africa loteteza ogula, la 2008, limakulolani kubweza katundu wopezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6, kuti akukonzereni, akusinthireni kapena akubwezereni ndalama. Popanda risiti mukayambira pati?

China chomwe chimandikwiyitsa ndi achinyamata omwe ndimawaona akuyenda m'tauni ya Johannesburg, cha ku Park Station, makutu onse atatseka. Mukufuna chiyani kodi? Simumva taxi ikubwera kumbuyo, simumva mapazi a munthu akukulondolani, ndipo chinthu chili kumutucho chikuuza wakuba aliyense kuti m'thumba muli foni yabwino. Mukatsika basi, ikani m'chikwama. Ali ndi batani lolowetsa mawu a panja, inde, koma maso a tsotsi batanilo siliwatseka.

Inu ogwira ntchito ya zomangamanga, owotcherera ndi odula zitsulo, awa si zotetezera makutu za pa ntchito. Valani zomwe abwana akuyenera kukupatsani. Ndipo nonse, voliyumu musakweze mpaka kumapeto. A World Health Organization amalangiza kuti isapyole 60 peresenti. Phokoso la panja likachepa, nyimbo zimamveka bwino ngakhale motsitsa, ndiye mukwezeranji?

Otumiza kumudzi, kumbukirani kuti kwathu si kuno. Kutentha kwa Okutobala ku Kasungu kumatulutsa thukuta m'makutu, ndipo chikopa cha timapilo take chimayamba kusupuka. Azipukuta akavula, asawasiye pa dzuwa, mvula asayende nawo. Ikanimo chingwe chotchajira cha USB-C ndi kawaya kaja kolumikizira ku foni, kuti batire likatha magetsi a ESCOM atazima azimverabe. Pa XM4, kutchaja mphindi 10 kumapereka maola pafupifupi 5, zomwe zimathandiza kwa munthu wotchajitsa pa sola ya pa golosale.

Mng'ono wanga analemba mayeso ake a MSCE akuwerengera ku tchalitchi madzulo, kuthawa chigayo. Anga omwe ndimavala ndamulonjeza, ndipo ndikamupatsa ndekha pamanja mu Disembala. Mkulu uja akupakirabe katundu Lachisanu lililonse, ndipo sabata yatha ndinaona mayi wina wa ku Nkhamenya akumupatsa foni yatsopano atayichotsa m'bokosi.