Makina owotcherera asadyere pa soketi ya pabalaza

Amisiri ambiri amayambira kuseri kwa nyumba. Makina ali pabwalo, nthambo yadzera pawindo, pulagi ili m'soketi ya pabalaza. Pakatha sabata pulagi ija yada, ikununkha pulasitiki wopsa, ndipo rodi ikangogunda chitsulo mababu a nyumba yonse amaphethira.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imakhala ndi fyuzi ya 13A. Ndiye kuti soketi imodzi imapereka pafupifupi 3kW basi. Makina a inverter, opepuka aja onyamula dzanja limodzi, amakwanamo movutikira ngati mukuwotcherera mabagala ndi rodi ya 2.5mm, mutatchera cha m'ma 80A. Mukakweza kuti rodi ya 3.2mm isungunuke pa geti la chitsulo chochindikala, malire mwadutsa. Makina olemera a thiransifoma, makamaka okulungidwa pamanja, ndiye osayesa n'komwe. Amakoka magetsi ambiri, ndipo rodi ikamata amakoka kuposa pamenepo.

Fyuzi ikapsa, ena amakulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ntchito n'kupitirira. Enanso amachotsa pulagi n'kusomeka mawaya m'soketi, n'kutsina ndi timitengo ta machesi. Apatu kutentha kumene kukanapsereza fyuzi kumasamukira m'khoma ndi m'denga momwe simukuona. Kuchotsa buleka yaing'ono n'kuikapo yaikulu pa waya yemweyo n'chimodzimodzi, chifukwa buleka imateteza waya. Waya wa masoketi ndi wa 2.5mm², wa mababu ndi wa 1.5mm², ndipo sakula chifukwa choti mwasintha buleka.

Ngati kuwotcherera ndiye kukudyetsani, makinawo akhale ndi mzere wawowawo kuchokera pa bokosi la mabuleka, monga zimakhalira ndi kuka yophikira ya magetsi: buleka ya 32A, waya wa 6mm², ndi soketi yozungulira yabuluu ija ya m'mafakitale. Musanagule chilichonse werengani kachitsulo kakumbuyo kwa makina. Polembedwa I1max ndi I1eff ndi pamene pakunena zomwe makinawo amakoka kukhoma. 200A yolembedwa zilembo zikuluzikulu kutsogolo ndi ya kurodi, isakusokonezeni. Ntchito yokoka mzerewu ipite kwa wamagetsi wa chiphaso cha MERA, ayezenso ngati waya wa ethi, wotayira magetsi m'nthaka pakakhala vuto, akugwiradi ntchito.

Nthambo yowonjezera ikhale yaifupi, yosachepera 2.5mm², ndipo muzitambasula yonse chifukwa yokulungika imatentha. Chopanira cha ethi cha makina chilume pa chitsulo chomwe mukuwotchereracho, pafupi, popalidwa dzimbiri, osati pa paipi ya madzi. Pa kachitsulo kaja, pamene palembedwa 60% akunena kuti pa mphamvu yolembedwa pamenepo muwotcherere mphindi 6, makina apume mphindi 4. Nthawi yopumayo gwirani pulagi ndi kuseri kwa dzanja louma. Ikakhala yotentha, zimitsani.