Mmene ndinapezera ana a palomino okhaokha pa Akhal-Teke mu gemu ya akavalo

Vuto linali loti ndikakweretsa ma Akhal-Teke (mtundu wa akavalo) awiri a palomino (ooneka agolide), ana ambiri sankatuluka agolide. Ena ankabadwa chestnut (ofiirira), ena oyera mbuu, a cremello. Kusintha wamphongo sikunathandize, kugula wamkazi wina wodula kunangotha ndalama za mu gemu.

Gemu ikamatsata majini enieni, palomino ndi chestnut wokhala ndi jini imodzi ya cream, yomwe imayeretsako ubweya. Awiri otere amabereka 50% palomino, 25% chestnut ndi 25% cremello, ngakhale makolowo akhale abwino bwanji.

Choyamba yezetsani majini a akavalo onse. Kumalipiritsa, koma mtengo wake suposa wa kukweretsa kolephera. Pa zotsatira, chestnut aoneke ee (wopanda jini E ya ubweya wakuda) komanso wopanda cream. Kenako musagulitse cremello uja, ndiye chuma chanu. Ali ndi cream ziwiri, choncho mwana aliyense amatengako imodzi. Mukamukweretsa ndi chestnut, ana onse amatuluka palomino. Samalani ndi perlino, kavalo winanso wa cream ziwiri, amafanana kwambiri ndi cremello pa chithunzi, koma ali ndi jini E ndipo akhoza kukupatsani buckskin (wachikasu wa miyendo ndi mchira wakuda). Kuyezetsa kokha ndiko kumawasiyanitsa.

Za ubale, popeza ma Akhal-Teke ndi osowa, n'zosavuta kukweretsa achibale. Kholo ndi mwana wake zimapereka inbreeding (mlingo wa kuberekana pachibale) ya 25%, ana a bambo mmodzi amayi osiyana 12.5%. Cremello wamphongo mmodzi ndi ma chestnut aakazi atatu osachokera kumodzi zimakwanira poyambira, ndipo ana aakaziwo muwapezere wamphongo wakunja.