Momwe mungapatsire kamera ndi kompyuta ya loboti batire lapadera pa mpikisano

Loboti ikamakankhana ndi inzake m'bwalo la mpikisano, kapena ikamanyamula katundu wolemera, mamota ake amakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo mphamvu ya batire lalikulu imatsika mwadzidzidzi. Mamota amapirira zimenezi, koma kompyuta yaing'ono yowerenga zithunzi za kamera siipirira. Mwachitsanzo, kompyuta yaing'ono yotchedwa Raspberry Pi 4 imafuna magetsi a 5V ndi 3A, imayamba kuchenjeza mphamvu ikatsika pansi pa 4.63V, ndipo ikazima imatenga masekondi ambiri kuti iyakenso, pamene loboti ikungoyenda osaona kanthu. N'chifukwa chake ndikulangiza magulu a ophunzira a kuno ku Zomba, kaya a ku sekondale kaya a ku University of Malawi, kuti kamera ndi kompyuta yake azizipatsa batire lakelake.

Musanagule chilichonse, werengani malamulo a mpikisano a chaka chimenecho, pakuti amasintha. Mu FIRST Robotics Competition, roboRIO, yomwe imawongolera loboti yonse, iyenera kulandira magetsi kuchokera ku batire lalikulu la 12V basi, ndipo power bank yosapitirira 100Wh imaloledwa pa kompyuta yowonjezera ndi zipangizo zolumikizidwa kwa iyo, monga kamera. Mukalakwitsa apa, oyendera maloboti sakulolani kulowa m'bwalo.

Kusankha power bank ndiko kumafuna chidwi chachikulu. Nambala yolembedwa pachikuto, monga 10000mAh, imawerengedwa pa 3.7V, kutanthauza kuti muli 37Wh. Mukachotsapo zotayika posandutsa mphamvuyo kukhala 5V, kompyuta ndi kamera zodya 7W zingayake maola anayi ndi pang'ono. Kukula kwake sindiko vuto kawirikawiri. Chofunika kuyang'ana ndi tizilembo ting'onoting'ono ta pafupi ndi polowetsa chingwe, tosonyeza ngati pamatuluka 3A kapena 2A yokha. Zambiri zotsika mtengo zogulitsidwa pamabenchi a mumsika zimalembedwa manambala okokomeza, choncho iyeseni musanaikhulupirire: lumikizani kompyuta, yatsani kamera ndi pulogalamu yake yonse, kenaka muone ngati chenjezo la kuchepa kwa magetsi likutuluka. Dziwaninso kuti ma power bank ena amadzizimitsa okha akaona kuti chipangizo chikukoka magetsi ochepa kwambiri, zomwe zimachitika mukalumikiza Arduino (kabolodi kakang'ono kowongolera zipangizo) yokha, ndipo ena amadula magetsi kwa kamphindi mukalowetsa kapena kuzula tchaja.

Chingwe chikhale chachifupi komanso cha mawaya onenepa, chifukwa chachitali ndi chowonda chimataya mphamvu panjira. Mutu wa USB sunapangidwe kuti uzigwedezeka, ndiye umangirireni ku thupi la loboti ndi cable tie, musiyeko kachingwe kolendewera pang'ono kuti loboti ikagundidwa mutuwo usakokedwe. Power bank yeniyeniyo muimange kutali ndi mamota ndi m'mphepete zakuthwa, ndipo waya wake wa positive usakhudzane konse ndi wa batire lalikulu. Ngati kompyuta ikulankhulana ndi chiwongolero kudzera pa chingwe cha netiweki cha Ethernet palibe chowonjezera, koma ngati zikulankhulana kudzera pa mawaya a serial, GND (waya wa negative) ya mbali zonse ziwiri iyenera kulumikizidwa.

Popeza magetsi amathima nthawi iliyonse, khalani ndi ma power bank awiri, muwalembe manambala patepi, ndipo muwatchaje usiku woti mawa lake ndi mpikisano. Mabatire a lithium amadana ndi kutentha, choncho m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala musawasiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka, ndipo lililonse lofufuma mulichotse pa loboti nthawi yomweyo.

Pomaliza kuyesa, kanikizani loboti kukhoma ndi kuyendetsa mamota mwamphamvu kwa masekondi awiri kapena atatu okha, wina akuyang'ana chithunzi cha kamera pa laputopu. Chithunzicho chikadukiza, yambani ndi chingwe ndi mutu wake musanaganize zosintha power bank.